Pitikoti Idapita Kuti?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

Inu nonse amene mwatchera khutu madzulo ano, kuyambira ku Mvera, Chezi, Mponela ndi Madisi, mpaka kukwera mapiri a ku Ntchisi, kwa Malomo, kwa Nthondo ndi ku Khuwi, ndiyambe n'kupepesa. Chovala chimene tikambirane lero mwamwambo sitichitchula pamaso pa apongozi. Ngati wailesi ili pakhonde ndipo mkamwini wakhala moyandikana ndi apongozi ake, mmodzi wa awiriwo akaone ngati mbuzi zalowa m'khola. Koma abambo musathawe nonse. Ndalama zogulira chovalachi kawirikawiri zinkatuluka m'thumba mwanu fodya akagulidwa ku Kanengo, ndiye nkhaniyi ndi yanunso.

Tikamba za pitikoti.

Ndikudziwa kuti pali atsikana ena amene akuyang'ana amayi awo panopa, kufunsa ndi maso kuti chimenecho n'chiyani. Ana anga, pitikoti ndi chovala chopepuka chimene mayi ankavala kunsi kwa diresi kapena siketi. Inalipo ya mitundu iwiri. Ina inkayambira m'mapewa, yokhala ndi tizingwe tiwiri, n'kutsika mpaka m'mawondo. Ina inkayambira m'chiuno ndi lasitiki, imene ambiri tinkaitcha ya hafu, ena amati andasiketi. Kumunsi kwake kunkakhala lesi, kansalu ka timabowo ta maluwamaluwa, kokongola koma kosayenera kuonedwa ndi munthu.

Mwezi wathawu azakhali anga adandituma kuti ndikawagulire imodzi. Ndidayenda msika wonse wa pa Mponela tsiku la msika. Mulu woyamba wa kaunjika, palibe. Wachiwiri, palibe. Mnyamata wina wogulitsa adaseka mpaka kugwira m'mimba, nati zimenezo n'za agogo, nditenge taiti. Ndidaipeza dzuwa litapendeka, pansi pa mulu wa makatani ndi nsalu za patebulo. Wogulitsayo ankaiyesa katani ya pawindo laling'ono.

Nditakafika nayo, azakhali adapukusa mutu n'kunena zimene akuluakulu ambiri amanena, zakuti ulemu udatha, ana a masiku ano adataya chikhalidwe cha makolo. Sindidawayankhe, chifukwa wamkulu sayankhidwa atangolandira mphatso. Koma pano pawailesi ndinene maganizo anga. Pitikoti sidali chikhalidwe cha makolo athu. Idali chida, monga mkeka kapena chipande, ndipo idali ndi ntchito zake. Ntchitozo zina zidatha, zina zidasamukira ku zovala zina, ndipo imodzi idangotsala padera popanda woigwira. Imeneyo ndiyo ikundidetsa nkhawa.

Tibwerere m'mbuyo kaye. Agogo a agogo athu m'mapiri muno ankavala nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo losulidwa mpaka kufewa, ndiponso zikopa. Kenaka amalonda a kunyanja adabweretsa nsalu za merikani ndi kaniki, ndipo pambuyo pake kudabwera biriwita imene ena mwa inu mudaiona ndi maso. Mayi ankamanga nsalu pachifuwa kapena m'chiuno, mikanda ili m'malo mwake, basi wavala. Pansi pa nsalu yomanga sipafunika pitikoti, chifukwa nsaluyo imazungulira thupi n'kudzipinda yokha.

Pitikoti idabwera ndi diresi, ndipo diresi lidabwera ndi mishoni. M'chaka cha 1889 abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adatsegula mishoni ku Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Mu 1894 Robert Blake adatsegula ina ku Kongwe, kumene sukulu ya sekondale imatchedwa dzina lake mpaka lero. Ku Ntchisi kudadzakhala Chinthembwe. Madona a pamishoni ankasonkhanitsa atsikana n'kuwaphunzitsa kusoka, kuchapa ndi kusita, ndipo kavalidwe kamene ankaphunzitsa kadali ka kwawo, ka nthawi ya Mfumukazi Victoria. Kumeneko mayi wolemekezeka ankavala mapitikoti angapo nthawi imodzi, wina pamwamba pa mnzake, kuti siketi itukumuke ngati dengu lovundikira. Dzina lenilenilo m'Chingerezi chakale limatanthauza kajekete kakang'ono, ndipo oyamba kuvala chinthu cha dzina limenelo adali amuna, zaka zoposa 500 zapitazo. Abambo amene mwatsala pakhonde, mwamva?

Si kwathu kokha kumene zidachitika motere. Amayi a mtundu wa Herero ku Namibia adatengera kavalidwe ka akazi a amishoni a ku Germany, ndipo mpaka lero pa zikondwerero amavala madiresi aakulu okhala ndi mapitikoti ambirimbiri m'kati. Iwo adachilandira n'kuchisandutsa chizindikiro cha mtundu wawo. Ife tidachilandira mwakachetechete, kudzera m'kalasi ya ubatizo, m'chilangizo chimene mpingo udaika m'malo mwa chinamwali, ndi m'Chigwirizano cha amayi chimene chidayamba mu 1940. Mayi wovala bulauzi yoyera kuti mbee ndi siketi yakuda popita ku msonkhano wa amayi sakadatuluka m'nyumba wopanda pitikoti. Alangizi ankaphunzitsa zimenezi pamodzi ndi kugwada ndi kulandira chinthu ndi manja awiri, ndipo mibadwo itatu itadutsa, tidaiwala kuti chovalachi n'chobwera. Mlendo akakhalitsa pamudzi amayamba kuitanidwa ku milandu.

Nanga ntchito zake zidali zotani?

Yoyamba ndi yotchinga kuwala. Apa pali phunziro la sayansi laling'ono limene mayi aliyense ayenera kulidziwa. Nsalu ndi ulusi wolukanalukana, ndipo pakati pa ulusiwo pali timipata. Mukaima m'nyumba kudziyang'ana pagalasi, kuwala kumagwera kutsogolo kwa nsalu n'kubwerera m'maso mwanu, ndiye mumaona maluwa a diresi okha. Mukatuluka n'kuima pakhomo dzuwa lili kumsana, kuwala kumadutsa m'timipata tija, kupatula pamene pali thupi lanu. Amene ali kutsogolo kwanu amaona chithunzi cha miyendo yonse, inu osadziwa kanthu. Galasi silinama, koma silimaima kumene anthu amaima.

Izi zidamuchitikirapo ngakhale Diana, amene adadzakwatiwa ndi Charles wa ku England. Mu September 1980, ali ndi zaka 19 ndipo akugwira ntchito pa sukulu ya mkaka ku London, atolankhani adamujambula panja atanyamula mwana, dzuwa lili kumsana. Siketi idali yopyapyala, pitikoti padalibe. Chithunzicho chidatuluka m'nyuzipepala dziko lonse likuona. Choncho mayi wa kwa Chakhaza amene zidamuchitikira pakhomo la tchalitchi asadzione ngati wotsalira. Dzuwa silisankha mwana wa mfumu.

Ntchito yachiwiri, imene atsikana a lero sangaiganize, idali yosunga diresi. Amayi athu adali ndi diresi limodzi la Lamulungu, mwina awiri. Sopo adali wosowa. Kuyenda kuchoka kumudzi kukafika ku tchalitchi kapena ku sikelo ndi mtunda wa zitunda ndi zigwa, thukuta lili kamukamu. Pitikoti ndiyo inkamwa thukutalo pamodzi ndi mafuta odzola. Pobwera, diresi ankangolikung'untha n'kulipinda m'sutikesi, pitikoti n'kupita kudambo. Kachovala kakang'ono kamadya sopo wochepa ndipo kamauma msanga. Diresi losachapidwa pafupipafupi silisuluka, lingathe kukhala zaka khumi. Imeneyi idali nzeru ya chuma cha pakhomo, osati ya ulemu wokha.

Yachitatu idali yogonetsa diresi bwino pathupi, kuti lisalowe pamene siliyenera kulowa munthu akadzuka pampando. Yachinayi ndi yofunditsa. Amene mumakhala kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi kapena pamtunda pa Dowa boma mukudziwa m'mawa wa mu June ndi July, pamene nkhungu imagona m'zigwa ndipo madzi a mumtsuko amaluma mano. Nsalu ziwiri zimasunga mpweya wofunda pakati pawo. Ndipo padali ntchito ina imene amayi okha tikuidziwa: masiku a kumwezi, nthawi imene tonse tinkadalira nsalu zong'amba, pitikoti idali mlonda womaliza diresi lisadachite manyazi.

Padalinso malamulo ake. Pitikoti isatuluke kunsi kwa diresi ngakhale chala chimodzi. Ikatuluka, mnzako ankakutsina pang'ono kapena kukuloza ndi diso, osatchula dzina lake. Azungu a ku England nawo adali ndi mawu awo achinsinsi, ankanong'onezana kuti Charlie wamwalira. Taonani chovala chodabwitsa: ukapanda kuvala, manyazi, chikaoneka kuti wavala, manyazinso.

(NYIMBO PANG'ONO)

Mukumvera pulogalamu ya amayi ndi mabanja, ndipo lero tikufunsa kuti pitikoti idapita kuti.

Nyengo imene chovalachi chidafika pachimake kuno kwathu ndi ya pakati pa 1960 ndi 1990, ndipo zifukwa zake zilipo. Choyamba ndi nayiloni. Ulusi umenewu adaupanga katswiri wina dzina lake Wallace Carothers pa kampani ya DuPont ku America mu 1935. Nkhondo yachiwiri itatha, nayiloni idadzaza dziko. Pitikoti ya nayiloni idali yoterera, yonyezimira, youma msanga, ndiponso yotsika mtengo poyerekeza ndi silika. Amuna opita ku Joni pa Wenela ndi a ku Halale ankabwera nazo m'masutikesi pamodzi ndi bulangete ndi wailesi. Mwamuna wobwera ku Joni wopanda kanthu ka m'kati ka mkazi wake ankakhala ndi mlandu wosaweruzika pabwalo. Ena tinkagula m'masitolo a amwenye, amene adalipo m'malo a malonda a kumidzi mpaka boma lidawasamutsira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970. Amene sadakwanitse ya nayiloni ankagula nsalu yoyera ya thonje n'kupita nayo kwa atelala a pakhonde. Nsaluyo inkapezeka, chifukwa fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inkawomba nsalu ndi thonje lolimidwa m'dziko momwe muno.

Ndili kamtsikana ndidaionapo nayiloni polekera. Mayi adandituma kusita zovala za Lamulungu ndi nsimbi ya makala. Nsimbi itapsa bwino ndidaiika pa pitikoti yawo ya pinki, imene bambo adawagulira fodya atayenda bwino. Ndidangomva fwee, ndipo ponyamula nsimbi padali bowo la chifanizo cha nsimbiyo, nsalu yotsalayo itamatirira kunsi kwake ngati phula. Zimene zidatsatira sindinganene pawailesi.

Chifukwa chachiwiri chidali lamulo. Mu 1973, pa ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la kavalidwe, lotchedwa Decency in Dress Act. Mkazi sankaloledwa kuvala thalauza pagulu, ngakhale siketi yoonetsa mawondo. Alendo otsika ndege ankayenera kusintha kapena kumanga chitenje. Kunja, siketi zazifupi zimene Mary Quant adatchukitsa ku London ndiponso mathalauza a akazi zidali zitayamba kale kuchotsa pitikoti pamsika. Kuno lamulo lidatseka chitseko kwa zaka makumi awiri. Mkazi aliyense, mphunzitsi, namwino, mlembi wa muofesi, mlimi, adali wa diresi ndi siketi basi, ndipo pamene pali diresi pali pitikoti. Tinganene kuti chovalachi chidakhala ndi moyo wautali m'Malawi kusiyana ndi kwa eni ake chifukwa chidatetezedwa ndi boma mosadziwa.

Lamulolo lidachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu. Koma musaganize kuti m'mawa mwake amayi a kwa Kayembe adadzuka atavala majini. Kumudzi thalauza lidalowa mozemba, kunsi kwa chitenje, ndipo ngakhale m'tauni nkhondo yake idatenga nthawi. Mukukumbukira January 2012, pamene anyamata ena ogulitsa malonda m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu adavula amayi ovala mathalauza ndi siketi zazifupi. Mtsogoleri wa dziko Bingu wa Mutharika adadzudzula mchitidwewo, ndipo amayi adasonkhana ku Blantyre pamodzi ndi Joyce Banda, amene nthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri. Ndikutchula izi dala. Pamene tikudandaula za pitikoti, pasapezeke mnyamata woganiza kuti wapatsidwa chilolezo choyendera zimene akazi avala m'kati. Zimene tikukamba pano ndi uphungu wa pakati pa mayi ndi mwana wake, si ntchito ya pamsewu.

Chimene chidapha pitikoti kwenikweni si kuchotsedwa kwa lamulo kokha. Ndi belo la kaunjika. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, zovala zovalidwapo kale zochokera ku Ulaya ndi America zidasefukira m'misika yonse mpaka ku kabwandire wa kumudzi. Diresi lidatsika mtengo. Mtsikana amene amayi ake adali ndi madiresi awiri tsopano ali nawo khumi, ndiye asungirenji limodzi ngati dzira? Ntchito ija yosunga diresi idathera pomwepo. Komanso madiresi ambiri a m'belo amabwera ndi layiningi, nsalu ya m'kati yosokereredwa kale, imene ndi pitikoti yomwe ija, kungoti idakwatiwa ndi diresi. Atelala athu nawo adaphunzira. Lero mukasoketsa chitenje cha ukwati kapena cha chinkhoswe, telala amayamba wafunsa ndalama ya layiningi. Ndipo popeza akazi a kunja adasiya kugula mapitikoti, m'mabelo namonso adayamba kuchepa. Kaunjika amatibweretsera zimene eni ake adavala dzana. Chimene iwo sadagule, ife sitingachitole.

Fakitale ya David Whitehead nayo idafooka ndi mpikisano umenewu mpaka idagulitsidwa mu 2003 kwa a Mapeto. Walira mvula walira matope. Tidafuna zovala zotchipa, tidazipeza, ndipo nsalu yoyera ya thonje la kwathu idasowa pashelefu.

Kenaka kudabwera taiti. Apa pali nthabwala ya mbiri. Kampani ija ya DuPont imene nayiloni yake idatchukitsa pitikoti ndi yomwenso idapanga ulusi wotanuka wotchedwa spandex kapena Lycra mu 1958, kudzera mwa katswiri Joseph Shivers. Ulusi umenewo ndiwo uli m'mataiti ambiri amene adzaza misika lero. Nyumba imodzi idabala mwana, idabalanso womulanda malo.

Ndipo tinene chilungamo, taiti ili ndi zifukwa zake zomveka. Taganizani za mayi wochoka pa Mponela kupita ku Ntchisi pa njinga yamoto ya kabaza, thumba la soya lili kumbuyo, msewu uli wokwera ndi wotsika. Kale amayi ankakhala cham'mbali pa njinga yakapalasa, miyendo yonse mbali imodzi. Pa njinga yamoto kukhala chotero n'kuitana ngozi, ayenera kukhala motangadza. Pamenepo pitikoti imangokwera pamodzi ndi siketi, siithandiza kanthu. Taiti imathandiza. Mtsikana wopalasa njinga kupita ku sekondale yoyendera, wosewera mpira wamanja akulota kudzakhala ngati Mwawi Kumwenda, kapena wa miyendo akulota za Tabitha ndi Temwa Chawinga, amafuna chovala choyenda naye limodzi. Masiku a kumwezi taiti imagwira bwino chimene wavala kuti chisasunthe. M'nyengo yozizira imafunditsa. Azakhali anga sadakwerepo njinga yamoto motangadza, n'chifukwa chake sakuona phindu lake.

Tisaiwalenso chitenje. M'mapiri muno mayi akavala diresi amamangirapo chitenje pamwamba, kumunda, kumaliro, kuchigayo, kumjigo. Kunena zoona, kumudzi chitenje chidagwira ntchito yotchinga kuwala kuyambira kale, kungoti chimaigwira kunja. Pitikoti idali ya masiku ovula chitenje: ku tchalitchi, ku ukwati, ku ofesi, m'kalasi. N'chifukwa chake kumudzi kusowa kwake sikudamveke msanga.

Nayiloni nayo idali ndi zovuta zake zimene amayi sadazikonde, ngakhale lero akuilira. M'miyezi youma, kuyambira June mpaka October, pitikoti ya nayiloni ikakhulana ndi diresi la poliyesita imapanga magetsi ang'onoang'ono. Diresi limamatirira miyendo, limakwera lokha munthu akuyenda, ndipo usiku povula mumamva kuthetheka, nthawi zina n'kuona timoto mumdima. Ana tinkayesa matsenga. Si matsenga, ndi mpweya wouma ndi nsalu ziwiri za pulasitiki. Kudzola mafuta m'miyendo kapena kupukuta nsaluyo ndi manja onyowa kumathetsa zimenezo. Mu October nayiloni imawotcha ngati uli m'thumba la feteleza. Ndipo pamoto wa pamafuwa ndi yoopsa, chifukwa ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Izi n'zoonanso kwa taiti, amayi ophika pansi mukumbukire.

(NYIMBO PANG'ONO)

Tsopano ndifike pa ntchito ija ndidati idatsala padera.

Si diresi lililonse la lero lili ndi layiningi. Zovala zatsopano zotsika mtengo zimene zadzaza mashopu, zambiri zochokera ku China, zimasokedwa ndi nsalu yopyapyala kwambiri, ndipo wosoka amapulumutsa ndalama posiya layiningi kapena kuika yofika pakati pa ntchafu. Mtsikana amavala taiti m'kati n'kuganiza kuti watchinga. Sadatchinge. Taiti imabisa khungu, koma imatsatira thupi monga liliri. Kuwala kukadutsa m'diresi, chithunzi cha miyendo chimaoneka chimodzimodzi, mwinanso kuposa, chifukwa taiti yakuda imadula mzere bwino. Pitikoti inkagwira ntchito chifukwa inkalendewera ngati katani pakati pa miyendo iwiri. Chovala chomata thupi sichingachite zimenezo.

Ngati mtsikanayo akudziwa ndipo wasankha yekha, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo si ine woweruza. Kunja kuli mafashoni amene pitikoti yeniyeniyo idasanduka diresi lovala poyera, kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo ena a madiresi oterowo mumawapeza m'belo n'kumadabwa ngati ndi ogonera kapena oyendera. Koma atsikana ambiri amene ndimawaona sadasankhe. Sakudziwa, chifukwa palibe adawauza. Mphunzitsi wachitsikana waima pakhomo la kalasi, ana a Sitandade 8 akuseka, iye akuyesa kuti aseka masamu. Wina wapita kukafunsira ntchito. Wina akupereka chopereka kutsogolo kwa mpingo, zitseko zili zotsegula kumbuyo kwake. Ife amayi tidasiya kugula chovalacho, chabwino, koma tidasiyanso kuphunzitsa chifukwa chake. Pa chilangizo ndi pa bridal shower timatha maola kukamba za kusamala bambo, osapatula mphindi ziwiri zokamba za nsalu ndi dzuwa.

Ku India pitikoti sidafe, chifukwa nsalu yawo ya sari kawirikawiri imapisidwa m'chiuno mwa pitikotiyo. Chovala chimakhala ndi moyo pamene ntchito yake ilipo. Kuno ntchito imodzi ikadalipo, ndipo njira zoigwirira n'zosavuta.

Pogula diresi kapena siketi, ikwezeni kuloza kudzuwa, dzanja lanu lili m'kati. Mukaona zala, anthu adzaona miyendo. Ngati mwaikonda, gulani, koma pitani nayo kwa telala aikemo layiningi, kapena akusokereni pitikoti ya hafu. Imafuna nsalu ya mita imodzi kapena imodzi ndi theka malinga ndi thupi, ndi lasitiki wa m'chiuno. Ndi msoko wowongoka, telala aliyense wa pakhonde pa Madisi kapena pa Malomo angathe kumaliza inu mukudikira. Muuzeni aifupikitse zala zitatu kuposa siketi, ndipo ngati siketi ili yong'ambidwa kumbuyo, pitikoti nayo ing'ambidwe pomwepo. Imodzi yakuda ndi imodzi yofiirira zikwanira madiresi onse a m'nyumba. Kunsi kwa bulauzi yoyera musavale choyera, chimawala pakhungu lathu lakudali. Valani cha mtundu woyandikira khungu lanu.

Sankhani thonje ngati lilipo. Azaumoyo amalangiza kuti chovala chokhudza thupi chikhale cha thonje, chifukwa chimamwa thukuta n'kulola mpweya kudutsa. Taiti yothina ya pulasitiki, yovalidwa kuyambira m'mawa mpaka kugona nayo, imasunga chinyezi ndi kutentha, ndipo pamenepo kuyabwa ndi zotupa sizichedwa. Valani taiti pa ulendo wa njinga, pamasewera, pozizira. Mukafika pakhomo, lipumitseni thupi. Kuyabwa kukapitirira pitani kuchipatala, musachite manyazi.

Pa kachapidwe, tili ndi chizolowezi choyanika za m'kati kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi kuti ana ndi alendo asaone. Mumdima chovala sichiuma bwino, chimachita fungo ndi nkhungu. Ena amayanika pa udzu kuseri kwa bafa, pamthunzi. Pamenepo pali ntchentche ija imaikira mazira pa nsalu yonyowa, makamaka m'dzinja, mazirawo n'kuswa mphutsi zolowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Mangani kachingwe padzuwa kuseri kwa nyumba, ndipo ngati mukuchita manyazi phimbani ndi kansalu kopepuka. Cha thonje chisiteni, nsimbi imapha mazirawo. Apanso thonje laposa nayiloni, imene monga mwamva siigwirizana ndi nsimbi ya makala.

Za m'kati za kaunjika, zichapeni ndi sopo ndi madzi otentha, ziume padzuwa musadavale. Maiko ena adafika poletsa malonda ake. Ghana idaletsa mu 1994, Zimbabwe kumapeto kwa 2011. Pitikoti yosoketsa ilibe nkhawa imeneyo, woyamba kuivala ndinu.

Azakhali anga adavala yawo ija Lamulungu lotsatira, lesi itabisika bwinobwino. Mdzukulu wawo adakana kuti iye za agogo savala, koma adalola kuti telala amuikire layiningi m'diresi lake la kwaya, ndipo awiriwo adapita ku tchalitchi limodzi.

Amayi anzanga, aNaphiri, aNabanda, aNangondo, nthawi yathu yatha. Mawa m'mawa mwana wanu asadatuluke, muimikeni pakhomo dzuwa lili kumsana, inu mukhale m'nyumba mumuone. Kenaka musinthane, nayenso akuoneni. Abambo amene mudapita kukhola, bwererani, tamaliza. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)